Dzina limene ndidawonjezera m'kope la timu

Matimu a m'midzi alibe maofesi. Alibe kabati yosungiramo zikho, ndipo nyuzipepala siziwalemba pokhapokha woyimbira atathamangitsidwa ndi miyala. Mbiri yawo imakhala m'mitu ya anthu, ndipo anthuwo akamwalira kapena akalowera ku Joni, mbiriyo imapita nawo. Timu yathu, ya mudzi wina woyandikana ndi mpanda wa Kuti m'boma la Salima, idali ndi chinthu chimodzi chimene anzathu adalibe: kope. Amene adaliwononga ndine. Dzina la mudzi ndi la timu ndilisunga, chifukwa anthu amene nkhaniyi idawapweteka alipo, ndipo mlandu umene udabadwa pamenepo sunathe.

Kopelo adaliyamba ndi Aphunzitsi. Tonse timawatchula choncho mpaka lero, ngakhale adatisiya. Adabwera kudzaphunzitsa pa pulayimale ya kwathu, nkukwatira konkuno, nkukhazikika. Adafika m'zaka zimene dziko lonse lidapenga ndi mpira. Mu 1978 timu ya Malawi idatenga chikho cha East and Central Africa pakhomo pano itagonjetsa Zambia mu fainolo, ndipo mu 1979 idakachitenganso ku Kenya. Nthawi imeneyo wailesi idali MBC yokha, kanema kudalibe, ndipo nyumba zokhala ndi wailesi m'mudzi mwathu zidali zowerengeka. Akuluakulu amasimba kuti anthu ankadzaza pakhonde la Aphunzitsi, mabatire atawayanika padzuwa kuyambira m'mawa kuti asathe mpira uli mkati. Kukacha, mwana aliyense womenya chikulunga pamchenga ankati iye ndi Kinnah Phiri, wotchinga kumbuyo nkumati ndi Jack Chamangwana.

Ku Kuti masiku amenewo kudalibe mbidzi ndi nyamalikiti zimene alendo amabwera kudzaona lerozi. Malo onsewo, pafupifupi mahekitala 2,000, adali famu ya ng'ombe. Osewera oyamba a timu yathu adali anyamata oweta ng'ombe pa famupo, ana a asodzi a kunyanja, ndi ophunzira a Sitandade 8 amene adabwereza mpaka kumera ndevu podikira kusankhidwa ku sekondale. Mpira woyamba wachikopa adaugula ndi ndalama za ganyu wotola thonje. Mapolo adali a bulugama, pamwamba nkumanga chingwe. Mizere ankaithira phulusa. Jombo kudalibe, ndipo aliyense ankasewera chapansi, zala zitamangidwa nsanza.

Malo a bwalo adapereka ndi amfumu a nthawi imeneyo. Aphunzitsi adalemba zimenezi patsamba loyamba lenileni la kope: malire kuyambira pa mlambe, kutsetserekera pa chulu, mpaka panjira yopita kudambo. Amfumu adadinda chala, mboni ziwiri zidadindanso. Pansi pake Aphunzitsi adasaina ndi bolopeni yofiira, yomwe ankachongera mayeso a ana.

Ndikati kope, musaganize kabuku kamodzi. Lidali makope angapo achikuto cholimba, osokedwa pamodzi ndi ulusi wosokera ukonde, ndipo linkasungidwa m'jumbo kuopa chiswe ndi mvula. Mudali masewero onse: tsiku, timu yomwe tidakumana nayo, zigoli, womwetsa, woyimbira. Mudali mayina a osonkha ndi a okana kusonkha. Mudalinso malamulo amene timu idagwirizana pang'onopang'ono. Kwathu kuno Asilamu ndi Akhristu tidasakanikirana, ndiye mudalembedwa kuti Lachisanu masana ndi Lamulungu m'mawa mpira ugone. Mudalembedwa kuti m'mudzi mukagwa maliro osewera ndiwo oyamba kupita kukathandiza adzukulu, ndipo bwalo likhale zii mpaka tsiku lometa. Zipani zambiri zitabwera mu 1994, aliyense nkumagawa nsalu ndi malaya a mtundu wake, Aphunzitsi adawonjezera lamulo lakuti jezi yokhala ndi nkhope ya munthu kapena chizindikiro cha chipani sitivala. Ena adadandaula, paja majezi athu adali atang'ambika m'khwapa, koma lamulolo lidatisunga pamodzi pamene matimu ena ankagawikana pakati chisankho chilichonse.

Masamba amene ndimawakumbukira kwambiri ndi a zaka za matenda ndi njala. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pambali pa mayina ena padayamba kuoneka kamtanda kakang'ono kapena kamwezi, malinga ndi chipembedzo cha womwalirayo. Adali anyamata a zaka zosakwana 35, ena mwa iwo atasewera chaka chathacho. Aphunzitsi sankalemba matenda, ankangolemba tsiku ndi malo amene munthuyo ankasewera m'bwalo. Kenaka njala ya 2002, imene idakantha Salima koopsa. Kuyambira Januwale mpaka nthawi yokolola mulibe masewero ngakhale amodzi. Muli mzere umodzi wokha wonena kuti mpira wagulitsidwa, ndalama zake agula gaga, ndipo gagayo agawira mabanja a osewera anayi. Mayina a mabanjawo alimo. Mmodzi mwa ana amene adadya phala la gaga ameneyo ndi amene adadzakhala goloboyi wathu.

Chifukwa cha kulemba kotereku, kope lathu lidatchuka kudera lonse. Kumbukirani kuti zitupa za unzika zidabwera mu 2017. Zisanabwere, munthu ankadziwika ndi kalata ya mfumu kapena khadi yovotera, ndipo anyamata ambiri a mpira adalibe zonse ziwiri. Pakabuka mkangano wakuti uyu ndi wa timu iti, kapena kuti chaka chakuti adapambana ndani, matimu ena ankabwera kudzapempha kuti Aphunzitsi atsegule kope, ngakhale nkhaniyo isakutikhudza. Likanena, mkangano unkathera pomwepo.

Ine ndidali mwana wa m'kalasi mwawo. Ankakonda malembedwe anga, ndipo maso awo atayamba kuchita ng'ala, komiti idandisankha kukhala mlembi. Zidachitika Flames itangotipatsa moyo watsopano. Pa 11 Januwale 2010 Malawi idathira Algeria zigoli 3 kwa 0 ku Luanda, Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda atamwetsa, mphunzitsi ali Kinnah Phiri yemwe uja. Anyamata amene adaonera masewerowo m'mavidiyo a ku Senga Bay adabwerera kumudzi akufuna mpira, ndipo timu idadzazanso. Aphunzitsi adandipatsa kope ndi manja awiri, koma adasunga ntchito imodzi. Pakatha msonkhano uliwonse wosonkha, ine ndinkawerenga mayina mokweza, iwo nkumawerenga ndi zala, kenaka nkulemba okha pansi pa tsamba chiwerengero cha anthu ndi ndalama zonse, ndi bolopeni yawo yofiira, nkhope itayandikira pepala.

Timu ya kumudzi imadya ndalama kuposa mmene anthu amaganizira. Mpira umaphulika paminga, wenzulo imasowa, woyimbira amafuna kangachepe, ndipo masewero akutali amafuna lole. Kwacha itagwa mu Meyi 2012, zonsezi zidakwera nthawi imodzi. Ligi za m'chigawo chapakati, zomwe nthawi imeneyo zinkakwezera timu ku Super League kumene kudali MAFCO ya kwathu konkuno, zinkafuna ndalama zolembetsera ndi zoyendera sabata ndi sabata, ndipo kwa ife zidali kutali ngati mwezi. Chimene chimafika kumudzi ndi bonanza. Chisankho chikayandikira, aphungu ndi mashado amaponya mphotho, matimu nkulimbirana. Ndikunena mosabisa kuti bonanza zimenezi sindizikonda. Ndalama imene imabwera kamodzi pa zaka zisanu, yochuluka kuposa imene timu yagwirapo chiyambire, imasokoneza mitu ya anthu abwinobwino. Koma sindikunena izi kuti ndidzichotsere mlandu. Matimu ambiri adalowa bonanza imeneyo ndipo alembi awo sadachite zimene ndidachita ine.

Chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014 chikuyandikira, shado wina adakhazikitsa bonanza m'dera lathu. Mphotho yoyamba idali ndalama, majezi athunthu ndi mipira. Lamulo lalikulu lidali lakuti wosewera aliyense akhale amene adali kale m'timu bonanza isanayambe. Tidayenda bwino, mpaka tidafika mu semifainolo. Chigoli chilichonse chofunika adatimwetsera ndi mnyamata mmodzi, mlovi wa pa bwato la munthu wina.

Ndiye Epulo adakwana. Amene amadziwa nyanja ya Salima akudziwa kuti chilumba cha Mbenji chimatsekedwa nyengo ya mvula ndi mafumu a kwa Makanjira kuti nsomba ziswane, nkutsegulidwa mu Epulo. Kumeneko kuli malamulo ake: mowa ayi, juga ayi, akazi safikako, ndipo wopita amakakhalitsa. Utaka wa masabata oyambirirawo ndi umene umadyetsa banja la mlovi chaka chonse. Mwini bwato adanyamuka, mnyamata wathu adanyamuka naye. Palibe amene adamudzudzula. Mpira sukadagulira mayi ake malata.

Usiku womwewo alamu anga adabwera kunyumba. Adati akudziwa mnyamata wina ku Kamuzu Road, m'tauni ya Salima, amene adasewerapo ku Lilongwe.

"Alamu, matimu onsewa amaganyula. Inu nokha ndiye mukufuna kukhala angelo?"

"Nanga akatifunsa kuti ndi wa kuti?"

"Kope lili ndi ndani? Si inu nomwe?"

Ndidawakanira pakamwa, koma atapita mawuwo adatsala m'nyumba. Sindidagone. Ndinkaona majezi atsopano, ndinkaona Aphunzitsi akugwira chikho asanachite khungu. Ndidadziuza kuti ndikuchitira iwo. Lero ndikudziwa kuti ndinkafuna anthu adzanene kuti timu idatenga chikho mlembi ali ine.

Ndalama za timu zidali m'manja mwanga sabata imeneyo. Zidachokera ku ganyu: osewera ndi amayi ochemerera adapalira mpunga wa anthu kudambo, m'madzi ofika m'mawondo, misundu ikuwaluma. Msungichuma, bambo wachikulire wosayenda mtunda, adandipatsa kuti ndikagule mpira m'tauni ndi kulipira mwini lole yotinyamula tsiku la semifainolo, chifukwa masewerowo adawaika pa bwalo la sukulu ina yakutali. Ndidapalasa njinga mpaka ku Kamuzu Road. Mnyamatayo ndidamupeza pa malo ochajira mafoni, wamtali, wolankhula pang'ono, atavala nsapato zoyera. Adatchula mtengo, ndidanenerera, adatsitsa pang'ono. Adati theka ndimupatsiretu, ndiponso ndimubwerekere jombo chifukwa zake adagulitsa. Pofika madzulo mpira sindidagule, ndipo za lole zidali zitalowa mkati. Ndidadzilimbitsa mtima kuti mwini loleyo ndi wodziwana naye, adzatinyamula pangongole, tidzabweza ndi mphotho.

Nditafika kunyumba ndidadikira kuti ana agone. Ndidayatsa tochi, ndidamasula jumbo, ndidatsegula tsamba la msonkhano wosonkha wa chaka chathacho, bonanza isanalengezedwe. Pakati pa dzina lomaliza ndi malemba ofiira a Aphunzitsi padali mzere umodzi wopanda kanthu. Ndidayesa mabolopeni atatu pachikuto cha kope la mwana wanga kuti ndipeze yofanana inki. Dzanja linkanjenjemera, moti chilembo choyamba chidapindika. Ndidalemba dzina limene mnyamatayo adandiuza, pambali pake ndalama yomwe aliyense adasonkha tsikulo. Kenaka ndidapaka chala padothi la pansi nkusisita pamzerepo kuti pasaoneke pachatsopano. Akazi anga adadzuka.

"Abambo ake, mukulemba chiyani usiku uno?"

"Za mawa lija, gonani."

Kwa anyamata ndi komiti ndidanena kuti ndi mwana wa msuweni wanga amene adalembetsa chaka chatha kenaka nkupita kutauni. Ena adayang'anizana, koma poti ndidanena ndine wosunga kope, adangoti chabwino.

Tsiku la masewero ndidalawirira kukamutenga. Usiku kudagwa mvula yotsiriza ija ya mu Epulo, ndipo dothi la makande la kwathu likanyowa limagwira matayala ngati phula. Pobwerera, mnyamatayo ali pakaliyala, tidayenda bwino pa tala, koma titangokhotera msewu wafumbi wodutsa m'mbali mwa mpanda wa Kuti, matope adadzaza m'madigadi. Ndidatsika, ndidakolopola ndi kamtengo, tidakweranso. Patsogolo pang'ono tcheni chidaduka. Ndidayesa kuchilumikiza ndi mwala ndi msomali, manja onse bii, osatheka. Mnyamatayo adaima pa kaudzu, nkunena kuti m'matope sayenda, nsapato zake zingade, ndipo ngati palibe njira abwerera. Kudutsa wakabaza. Ndidamupatsa ndalama zonse zotsala m'thumba kuti anyamule mlendoyo, ine nkumathamanga pambuyo ndikukankha njinga yakufa, kope lili m'jumbo pamsana.

Chimene sindinkadziwa nchakuti kumudzi zinthu zidali zitavuta kale. Mwini lole adafika m'mawa, adafunsa ndalama ya dizilo, ndipo atamva kuti ili ndi mlembi yemwe palibe, adatembenuza galimoto. Timu yonse idayenda pansi. Amayi ochemerera adayenda ndi ana kumsana, ng'oma pamutu. Msungichuma adatsala, nkumauza aliyense kuti ndalama adandipatsa, mwina ndachita ngozi panjira. Osewera adafika masewero atatsala pang'ono kuyamba, miyendo italema, osadya kanthu.

Ine ndidafika chigawo choyamba chikutha, palibe womwetsa. Goloboyi wathu ndi amene adatisunga. Wapampando adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A mlembi, lole ili kuti?"

"Tikambirana akatha masewero, bambo. Mnyamata uja wafika?"

Adali atafika, atakhala pamthunzi, akumanga jombo zobwereka. Adalowa chigawo chachiwiri. Sindinama, mpira ankautha. Sankathamangathamanga ngati anyamata athu, ankangoima pamalo, mpira nkumamupeza. Patatsala mphindi zochepa adalandira pachifuwa, adatembenuka, adaumenya wapansi kukona. Bwalo lidasefukira. Amayi amene adayenda mtunda wonse uja adalowa m'bwalo akuvina, zitenje m'mwamba. Ine ndidalumpha nawo, ndipo kwa kanthawi ndidakhulupiriradi kuti zonse zakonzeka.

Anthu akubwerera kunja kwa mizere, munthu wina wa mbali inayo adafuula dzina. Silidali dzina limene ndidalemba m'kope. Mnyamatayo adacheuka. Adafuulanso, ena nkulandira, mpaka mbali yonseyo inkaimba dzinalo. Zidadziwika kuti adasewera kale mu bonanza yomweyo, mu ndime yoyamba, atavala jezi ya timu ina ya kumtunda imene idatuluka msanga. Kwa ine sadanene, ndipo ine sindidafunse. Wenzulo yomaliza italira adandikokera kuseri kwa kalasi kufuna theka lotsala. Ndidati ndilibe. Adavula jombo, adaziponya pansi, adatenga foni yanga m'thumba la shati ngati chikole, nkukwera kabaza. Sindidathe kukuwa, chifukwa kukuwa kukadaitana anthu.

Dandaulo lidalowa tsiku lomwelo, ndipo komiti ya bonanza idatiitana pakati pa sabata, pansi pa mtengo wa mango pa sukulu ya kwathu. Kudabwera anthu ambiri kuposa a pamasewero ena. Wapampando wa timu inayo, bambo waulemu wake amene adasewerapo ndi malemu atate anga, adaimirira nkuvula chipewa.

"Ife sitinabwere kudzakangana. Kuti anasewera kwina, ena akana, ena avomera, ndipo mwini wake wathawa. Tingopempha chimodzi. Bweretsani kope la Aphunzitsi. Likanena kuti mwanayu ndi wanu kuyambira chaka chatha, ife tigonja pompano, tidzakuchemererani mu fainolo."

Adakawatenga Aphunzitsi kunyumba, mdzukulu wawo wamkazi atawagwira dzanja. Adakhala pampando, ndidawapatsa kope. Adalisisita pachikuto, nkupempha mdzukuluyo kuti awerenge mayina a tsamba lija mokweza. Mtsikanayo ankawerenga, iwo nkumapinda zala monga mwa masiku onse. Dzina lomaliza litatchulidwa adati, "23." Kenaka adati, "Werenga zofiirazo." Mtsikanayo adawerenga: anthu 22, ndi ndalama za anthu 22.

Usiku uja ndidasamala inki, ndidasamala dothi, koma zofiirazo sindidaziganizire nkomwe, chonsecho zidali pansi penipeni pa dzanja langa.

Aphunzitsi adati abwereze. Adabwereza, zidatuluka chimodzimodzi. Adatembenuzira nkhope kumene kudali ine.

"Mwana wanga, kodi tsiku limenelo ndinalakwitsa kuwerenga ndine?"

Apa ndi pamene pali tchimo langa lalikulu, loposa la usiku uja. Ndidakhala chete. Ndidamva anthu akunong'onezana kuti madalawa maso adatha, mwina adaphonya mmodzi. Ndidaona kuti njira yothawira yatseguka, ndipo ndidaisiya yotseguka. Aphunzitsi adadikira, ndipo poona kuti sindikuyankha adagwetsa nkhope nkunena motsitsa kuti, "Kapena ndi maso angawa. Mundikhululukire." Munthu amene kwa zaka zoposa 30 sadaphonyepo tambala ankapepesa pagulu chifukwa cha bodza langa, ine nditakhala pambali pake.

Amene adadula nkhaniyo ndi mayi wina, mtsogoleri wa amayi ochemerera. Sadaimirire, adalankhula atakhala pachitenje chake.

"Pepani akuluakulu, ndilankhule. Tsiku limenelo mbale yosonkhera ndinayendetsa ndine. Mwana ameneyo sindinamuonepo. Aphunzitsi sanalakwitse. Ndipo a mlembi atiuze, ndalama zimene tinalumidwira misundu kudambo zili kuti? Ife tinayenda pansi."

Pamenepo mpamene ndidaimirira nkuulula. Sindidaulule chifukwa cha kulimba mtima, ndidaulula chifukwa padalibenso pobisala. Ndidanena za Kamuzu Road, za tochi, za lole. Alamu anga sindidawatchule, poti cholembera chidali m'dzanja langa. Anthu sadakuwe monga ndinkayembekezera. Kudangoti zii, kenaka ena adayamba kunyamuka mmodzimmodzi. Aphunzitsi adapempha bolopeni yawo yofiira, adauza mdzukulu kuti awaikire chala pamzere uja, adaudula, nkundipatsa kuti ndisaine pambali ndi kulemba tsiku. Kwa ine sadalankhule kanthu.

Timu idachotsedwa mu bonanza. Anzathu aja adapita ku fainolo. Amfumu adandilipitsa mbuzi, ndipo ndalama za timu ndidabweza ndi mpunga wa zaka ziwiri, akazi anga akugulitsa mandasi kuti ana asasiye sukulu. Ulembi adandichotsa, kope nkulipereka kwa mayi uja. Mnyamata wa ku Mbenji atabwerako adamva zonse padoko, ndipo adakalowa timu ina. Ndikadakonda nkhani ikadathera apa, chifukwa zonsezi zidagwera ine kapena zidapola.

Mvula yotsatira itayandikira, adzukulu a amfumu akale aja adafika pabwalo ndi makasu. Malo kwathu kuno adachepa, mabanja adakula, ndipo bwalo la mpira ndi malo athyathyathya amene sanalimidwepo zaka zambiri. Adati agogo awo adangobwereketsa kachigawo kakumtunda, osati mpaka panjira ya kudambo. Komiti idathamangira kope, idatsegula tsamba loyamba, chala cha amfumu chili pomwepo. Mmodzi wa adzukuluwo adafunsa pamaso pa anthu kuti, "Kope lake lomwe lija amalembamo usiku ndi tochi?" Mboni ziwiri zodinda zija zidamwalira kale. Aphunzitsi adali moyo, koma anthu omwewo adawamva ndi makutu awo akunena pansi pa mango kuti kapena maso awo amalakwitsa. Mizere ya chimanga idadutsa pamene padali golo lakumunsi.

Ndidapita kwa Aphunzitsi asanamwalire. Ndidawapeza pakhonde lomwe lija, ndidakhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Ndidapepesa za dzina, ndipo makamaka za kukhala chete. Adamvetsera mpaka ndidamaliza. Adati za dzinalo adakhululuka tsiku lomwelo, chifukwa mpira udapusitsapo anthu anzeru kuposa ine. Za kukhala chete adati zidawapweteka, ndipo sanganame kuti zidatha. Kenaka adandifunsa ngati ndikukumbukira pamene padali chulu, poti ana adachigumula kuumba njerwa. Ndidati ndikukumbukira. Adati, "Ndiye ukanene. Kaya akukhulupirira kaya ayi, iwe ukanene."

Timu ikadalipo. Imasewera pa bwalo la sukulu, ana akaweruka, ikapempha kwa ahedi, ndipo nthawi ya mayeso imaima. Anyamata a lero adaonera pa foni chigoli cha Gabadinho Mhango chomwe adamwetsa Morocco ali kutali mu Januwale 2022, ndipo madzulo aliwonse amayesa kumenya chotero. Ambiri a iwo sadziwa chifukwa chimene bwalo la pa mlambe lidasanduka munda theka. Mayi uja amalembabe kope, ndipo adakhazikitsa lamulo lakuti mzere wotsala pansi pa mayina azidula pamaso pa onse asanatseke tsamba.

Mlandu wa malo udachoka kwa amfumu a m'mudzi, uli kwa agulupu. Komiti idakangana ngati nkoyenera kuti ine ndikhale mboni, ena akuti ndingoipitsa zinthu, koma amene adaona chulu chisanagumulidwe ndi kudziwa tsamba loyamba pamtima tatsala ochepa. Nthawi zonse ndikaimirira, funso loyamba la mbali inayo limakhala la dzina lija, ndipo ndimayankha kuti inde, ndidalemba ndine, mu Epulo 2014, patsamba lakuti, ndipo tsamba loyamba sindidalikhudze. Agulupu aimitsa nkhaniyi mpaka anthu akolole, kuti adzapite okha pamalopo ndi chingwe kukayeza kuyambira pa mlambe. Andiuza kuti ndidzabwere ndi khasu, tikakumbe pamene ndikunena kuti padali chulu, tione ngati dothi lake likadali pansi.